Ndege ya malata siyingawoloke nyanja

Uthengawu sukutha m'magulu a WhatsApp: akuti mnyamata wina wapanga ndege ndi malata ndi injini ya njinga yamoto, wauluka mpaka kutsidya kwa nyanja. Chithunzi chimakhalapo, koma ndegeyo ili pansi, anthu ataizungulira.

Ndege zomangidwa pakhomo zimaulukadi kutali. Mu 2019, achinyamata a ku South Africa anamanga ndege ya Sling 4 n'kuuluka kuchokera ku Cape Town mpaka ku Cairo, mtunda wa makilomita pafupifupi 12,000. Komatu zipangizo zake zinachokera kufakitale zodulidwa kale, injini inali ya ndege, akatswiri anaiyendera, ndipo ankatera m'njira kuthira mafuta. Injini ya kabaza ilibe mphamvu yonyamula munthu pamodzi ndi mafuta a ulendo wotere.

Musanakhulupirire, yang'anani nambala pathupi la ndegeyo. Za ku Malawi zimayamba ndi 7Q, za ku Zambia ndi 9J. Funsaninso kuti inanyamuka liti ndipo inatera pabwalo liti.

Chimene chimandiopsa n'chakuti mwana wina waluso adzakhulupirira, n'kukwera chinthu chosayesedwa. Chonde, uthenga wotere ukafika pafoni panu, musautumize.