Wezulo ya ku koleji ndi wezulo ya NBA: kumene mkanganowu unachokera

Mwezi wa Marichi ukafika, mpikisano wa basketball wa NCAA, bungwe loyendetsa masewera a makoleji, utatentha ku America, mkangano wakalekale umadzukanso. Ena amati basketball yeniyeni ili ku koleji, kumene woimbira amatsata buku. Ku NBA, ligi ya akatswiri olipidwa, iwo akutero, wezulo imayang'ana nkhope, ndipo katswiri amene amadzazitsa bwalo amatha kuyenda ndi mpira m'manja woimbira ali duu.

Nkhani ya masitepeyo ndi yosavuta. Ku NBA, sitepe imene wosewera akuponda pamene akuugwira mpira siwerengedwa, ndipo akaugwira amaloledwa masitepe ena awiri. Ku koleji, phazi limene lili pansi pogwira mpira lawerengedwa kale. Choncho kayendedwe kamodzimodzi kamene ku NBA n'kololedwa, ku koleji woimbira amalanda mpira. NBA inalemba zimenezi momveka m'buku lake mu 2019, ndipo FIBA, bungwe la basketball la dziko lonse limene malamulo ake ndi amene timasewerera kuno kwathu, inali itavomereza kale sitepe yosawerengedwayi mu 2017. Zambiri zimene anthu amazitcha kukondera ndi malamulo olembedwa ndithu. Funso ndi lakuti analembedweranji choncho.

James Naismith anayambitsa masewerawa mu 1891 ku Springfield, Massachusetts, ndi malamulo 13, ndipo masewerawo anakulira m'makoleji. Ligi ya akatswiri olipidwa imene lero ndi NBA inabwera mu 1946, ndipo inkadya za pakhomo: opanda oonera, palibe malipiro. Pa 22 Novembala 1950, Fort Wayne Pistons inagonjetsa Minneapolis Lakers 19-18 pongosunga mpira osaponya, anthu akuwowoza. Mu 1954 ligi inatenga ganizo la Danny Biasone, mwini wa Syracuse Nationals, loika wotchi yokakamiza timu kuponya mpira ku basiketi masekondi 24 asanathe. Masamu ake anali akuti mphindi 48 ndi masekondi 2,880, ndipo mukawagawa ndi mipira 120 yoponyedwa m'masewera okoma mumapeza 24. Makoleji a amuna anadikira mpaka 1985 kuti aike wotchi, ya masekondi 45, imene anaitsitsa kufika 35 mu 1993 ndi 30 mu 2015. Kuchokera 1967 mpaka 1976 anachita kuletseratu dunk, kulumpha n'kuukankhira mpira m'basiketi ndi dzanja, lamulo limene linabwera pa nthawi imene Lew Alcindor wa koleji ya UCLA ankasautsa matimu. NBA sinabisepo kuti imakonza malamulo kuti mpira ukome. Mu 2001 inaletsa wotchinga kuima pansi pa basiketi masekondi oposa atatu popanda munthu womulondera, ndipo mu 2004 inakhwimitsa lamulo loletsa kugwiragwira ndi dzanja wosewera amene ali ndi mpira.

Chimene ambiri saona ndi chakuti wezulo ya ku koleji ndiyo yolemera. Wosewera amatuluka akachita mafaulo asanu m'mphindi 40, pamene ku NBA ndi asanu ndi limodzi m'mphindi 48. Pa masamu n'chimodzimodzi, faulo imodzi pa mphindi zisanu ndi zitatu. Koma ku koleji katswiri akaimbidwa mafaulo awiri koyambirira, makochi ambiri amamukhazika pa benchi mpaka chigawo chachiwiri. Timu ikafika pa faulo yachisanu ndi chiwiri m'chigawo, mdani amaponya free throw (mpira woponya popanda womutchinga) imodzi, ndipo yachiwiri amapatsidwa pokhapokha yoyambayo italowa. Komanso mpikisano wa Marichi ndi wa ndime ya chipulula, pamene ku NBA, m'ndime zolimbirana chikho, matimu awiri amakumana mpaka kasanu ndi kawiri.

Kusiyana kwakukulu kuli pa mwini ntchito. Oimbira a NBA ndi antchito a ligi, ali ndi bungwe lowayankhulira, ndipo ligi imaunika pa kanema zimene aimba ndi zimene aphonya. Ku koleji ndi aganyu. Amalipidwa pa masewera amene aimbira, amatumidwa ndi wogawa ntchito wa gulu la makoleji lililonse, ndipo wodziwika amatha kuimbira magulu angapo, lero mzinda uno mawa wina, masiku angapo motsatizana. Kutopa kumabwera, ndipo kugundana kumene Lachiwiri kunali faulo, Loweruka gulu lina la oimbira limangokuyang'ana. Vuto la NBA ndi lina: kampani imene ikugulitsa masewera ku TV ndi yomwenso ikulemba, kukweza ndi kuchotsa woimbira. Ngakhale patakhala popanda chinyengo, anthu sangaleke kukayika.

Kukayikako kunapeza poyambira mu 2007. Tim Donaghy, amene anaimbira NBA zaka 13, anavomera m'khoti kuti ankapereka chinsinsi kwa anthu a juga, ndipo zinadziwika kuti ankabetcha pa masewera amene iye yemwe ankaimbira. Mu 2008 anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 15. Kudzera mwa loya wake ananenanso kuti masewera ena a mu 2002 anachita kukonzedwa kuti mpikisano utalike, ndipo aliyense anadziwa kuti akunena masewera achisanu ndi chimodzi a Los Angeles Lakers ndi Sacramento Kings. Tsiku limenelo Lakers inaponya ma free throw 27 m'kota yomaliza yokha, Kings 9, ndipo Lakers inapambana 106-102. David Stern, mkulu wa ligi, anakanitsitsa, ndipo kafukufuku wa Lawrence Pedowitz sanapeze umboni woti woimbira wina anachita ngati Donaghy. Ku Sacramento nkhaniyi sinafe mpaka lero.

Amene amati koleji ndi yoyera amaiwala kuti ziphuphu zinayamba kalekale kumeneko. Mu 1951 osewera oposa 30 a makoleji asanu ndi awiri anapezeka m'chinyengo, kuphatikizapo a CCNY, koleji ya ku New York, timu imene chaka chapitacho inatenga zikho zonse ziwiri, cha NCAA ndi cha NIT, mpikisano wina wa makoleji. Njira yake inali yochenjera. Ngati a juga akuti timu ipambana ndi mapointi 10, wosewera amalipidwa kuti ipambane ndi 6 okha: kuphonya free throw apa, kutaya mpira apo. Timu yawina, masapota akuimba, ndalama zapita. Zinabwerezeka ku Boston College mu 1978-79, ku Tulane mu 1985 ndi ku Arizona State mu 1994. Wophunzira wosalipidwa anali wotsika mtengo kumugula.

Pambuyo pa Donaghy, NBA inayamba kuulutsa maina a oimbira m'mawa wa tsiku la masewera, inatsegula likulu lounikira kanema ku Secaucus, New Jersey mu 2014, ndipo kuyambira 2015 imatulutsa lipoti la mphindi ziwiri zomaliza za masewera othinana, lotchula pamene woimbira analondola ndi pamene anaphonya. Ku koleji kulibe lipoti lotere la masewera aliwonse. Mu semifainolo ya 2019, Ty Jerome wa Virginia anagwira mpira ndi manja awiri n'kuyambanso kuugunditsa pansi, zimene n'zoletsedwa, oimbira osaona. Masekondi ochepa pambuyo pake Kyle Guy wa Virginia yomweyo anachitidwa faulo patatsala sekondi 0.6, nalowetsa mipira yonse itatu, Auburn n'kutuluka 63-62. Ku NBA, mu Januwale 2023, Jayson Tatum wa Boston Celtics anamenya mkono wa LeBron James wa Lakers pa mpira womaliza ku Boston, wezulo osalira. Oimbira anavomera kulakwa usiku womwewo, koma lipoti silisintha zotsatira, ndipo Lakers inagonja m'nthawi yoonjezera.

Kuyambira Meyi 2018, pamene khoti lalikulu la America linachotsa lamulo loletsa zigawo za dzikolo kuloleza kubetcha pa masewera, makampani a juga amatsatsa malonda pa TV pakati pa masewera, ndipo munthu amatha kubetcha pa mapointi a wosewera mmodzi. Mu Epulo 2024 NBA inathamangitsa Jontay Porter wa Toronto Raptors moyo wake wonse, atapezeka kuti anauza wa juga za thanzi lake n'kutuluka m'bwalo atasewera mphindi zitatu zokha.