Musanapereke Chikole pa Nyumba ya Kumudzi ku Italy

Pa zaka zimene ndagwira ntchito ya uloya yothandiza anthu ogula nyumba kunja kwa dziko lawo, ndaona kuti ambiri amabwera kudzafunsa nzeru madzi atafika kale m'khosi. Munthu amafika atapereka kale chikole, atasaina kale pepala lolembedwa m'chinenero chimene sachimva, kenako n'kundipempha kuti ndingoonako ngati zonse zili bwino. Ndatopa nawo mawu akuti, "Ndinangosaina kapepala kosungitsira nyumbayo basi." Ku Italy, kumene anthu ambiri akuthamangira chifukwa cha nyumba zotsika mtengo za m'midzi, kapepala kameneko kamasanduka pangano lomanga munthu pamaso pa lamulo mwini nyumba akangokavomereza, ndipo loya woitanidwa pambuyo pake amakhala ndi zochepa kwambiri zoti achite.

Nkhani yakuti matauni ena a ku Italy amagulitsa nyumba pa yuro imodzi si yabodza. Inamveka koyamba mu 2008 ku Salemi, pa chilumba cha Sicily, pamene Vittorio Sgarbi anali meya wa tauniyo, ndipo pambuyo pake matauni ena monga Mussomeli ndi Sambuca di Sicilia anatengerapo. Chifukwa chake n'chakuti achinyamata anasamukira m'mizinda ndi kunja, nyumba zambiri zinasanduka mabwinja, ndipo m'chigwa cha Belice zina sizinakonzedwenso chiwonongekereni ndi chivomezi cha mu 1968. Makhonsolo akufuna anthu oti akonze mabwinjawa ndi ndalama zawo. Pamene Sambuca inagulitsa nyumba zake mu 2019, yuro imodzi inali mtengo woyambira chabe popikisana, wogula ankapereka chikole cha mayuro 5,000, ndipo ankayenera kumaliza kukonza nyumbayo m'zaka zitatu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Denga lakugwa, makoma onyowa ndi chinyezi cha zaka makumi angapo, ndi timisewu topanikizika moti galimoto yonyamula mchenga singalowemo, zonsezi zimalipiridwa ndi inu. Komabe makhonsolo amanena malamulo awo poyera. Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi madobadoba amene amakokera anthu pa Facebook ndi zithunzi za nyumba za yuro imodzi, kenako n'kuwagulitsa nyumba ina ya munthu wamba imene mbiri yake sanaifufuze.

Kulakwitsa koyamba n'kuganiza kuti kugula nyumba kumapereka chilolezo chokhala m'dzikomo. Munthu amene si nzika ya mayiko a European Union, ngakhale atakhala ndi nyumba khumi, amaloledwa kukhala m'dera la Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya limene Italy ilimo, masiku 90 okha pa masiku 180 alionse ngati alibe chitupa cha kukhala nthawi yaitali. Ena amamvabe mbiri yakale yoti kugula nyumba kumatsegula zitseko, osadziwa kuti Portugal inachotsa njira imeneyo mu 2023 ndipo Spain inathetsa chitupa choterocho mu April 2025, ndiponso kuti ngakhale nthawi imene zinkatheka ankafuna ndalama zochuluka zedi, osati bwinja la m'mudzi. Italy ili ndi chitupa cha anthu ofuna kukakhala kumeneko mwa kufuna kwawo, koma chimafuna ndalama zokhazikika zosachokera ku ntchito, monga penshoni kapena lendi, zopitirira pang'ono mayuro 31,000 pa chaka kwa munthu mmodzi, ndipo sichilola kugwira ntchito. Palinso lamulo lina limene ambiri salidziwa: mlendo wosakhala m'dzikomo amaloledwa kugula pokhapokha ngati dziko lake nalonso limalola nzika za Italy kugula kwawoko. Zimenezi zimafunsidwa tsiku loyamba, munthu asanagule ngakhale tikiti ya ndege.

Kugula kumadutsa m'masitepe atatu. Pali proposta d'acquisto, limene ndi pepala lopereka mtengo, pali compromesso, pangano loyamba la mbali zonse ziwiri, ndiye pomaliza pali rogito, chikalata chosamutsa umwini chimene chimasainidwa pamaso pa notaio. Chikole chimene chimaperekedwa koyambirira kuja, chotchedwa caparra confirmatoria, chili ndi lamulo lake mu ndime 1385 ya malamulo a dzikolo okhudza mapangano: wogula akabwerera m'mbuyo amachitaya chonse, ndipo wogulitsa akalephera amabweza kuwirikiza kawiri. Papepala zimaoneka zachilungamo, koma kuti mulandire zowirikizazo muyenera kupeza munthuyo, kumusumira, ndi kudikira khoti la dziko lachilendo. Dziwaninso kuti notaio si loya wanu. Iye ndi mkulu wa boma woima pakati, amene amaona ngati wogulitsa alidi mwini wake ndiponso ngati nyumbayo ilibe ngongole, koma sakwera padenga ndipo sapita kukayeza zipinda. Ntchito yoyerekeza nyumba yeniyeni ndi mapulani amene ali ku khonsolo ndi ku catasto, ofesi ya kaundula wa malo, ndi ya geometra, katswiri woyeza malo ndi nyumba, ndipo geometra ameneyo mumulembe nokha, asakhale mnzake wa wogulitsa.

Pali banja lina limene mpaka lero ndikalikumbukira mtima umandiwawa. Anali bambo ndi mayi opuma pantchito, anthu osamala ndalama, amene sanagulepo chinthu chachikulu mopupuluma pa moyo wawo wonse. Anandiimbira ali komweko, ataona nyumba ya miyala kumapeto kwa mudzi wina, yokhala ndi kamunda ka mitengo ya maolivi kuseri. Ndinawapempha kuti andipatse milungu iwiri yofufuza. Mayiwo anayankha kuti, "A loya, bambo amene akutithandiza kunoyu akuti pali ena akuifuna, tikachedwa ipita." Ndinati, "Mayi, nyumba imene yakhala yotseka zaka makumi awiri singathawe pa milungu iwiri." Anaseka, anathokoza, ndipo mawa lake anasaina n'kutumiza chikole ku akaunti ya munthu wowathandizayo, osati ya mwini nyumba.

Patatha miyezi itatu anabwera ku ofesi yanga atanyamula kiyi wamkulu wachitsulo chakuda, womangidwa ndi kachingwe kofiira, amene munthu uja anawapatsa tsiku losaina. Bambowo anamuika patebulo panga mosamala ngati umboni. Kiyi ameneyo ankatseguladi chitseko, koma nyumbayo inali ikadali m'dzina la agogo ena amene anamwalira kalekale, ndipo chuma chamasiyecho chinali chisanagawidwe mwalamulo. Eni ake anali ana ndi adzukulu asanu ndi awiri. Amene anasaina anali mmodzi yekha, awiri sankalankhulana chifukwa cha mkangano wakale, ndipo wina anasamukira ku Argentina osasiya keyala. Nyumba ya anthu asanu ndi awiri singagulitsidwe yonse ndi dzanja limodzi. Kuwonjezera apo, khitchini ndi chipinda chapamwamba zinamangidwa popanda chilolezo, pamene lamulo limafuna kuti chikalata chogulitsira chitchule chilolezo chomangira pa nyumba iliyonse imene inamangidwa kapena kukuzidwa kuyambira pa 1 September 1967. Munthu wowathandiza uja sanali m'kaundula wa Camera di Commercio, kumene wogulitsa nyumba za ena aliyense ayenera kulembetsa, ndipo foni yake inali itasiya kulira. Zonsezi zikanadziwika pa masiku ochepa ndi ndalama yochepa. Chimene chimandivutitsa n'chakuti ndinalankhula nawo mofatsa kwambiri tsiku lija, poopa kuoneka ngati ndikudzifunira ntchito. Masiku ano ndimanena mosapita m'mbali: amene akukufulumizitsani kusaina, kapena amene akufuna kuti chikole chidutse m'thumba lake, muthaweni.

Kamunda ka kuseri kaja kakanabweretsa vuto lachitatu. Ku Italy, mlimi amene akulima malo obwereka kapena amene munda wake wachita malire ndi malo aulimi ogulitsidwa akhoza kukhala ndi ufulu wogula ndiye poyamba pa mtengo womwewo. Ayenera kudziwitsidwa ndipo amapatsidwa masiku 30 oti ayankhe, ndipo ngati sanadziwitsidwe akhoza kuwombola malowo kwa inu chaka chisanathe kuchokera tsiku lolembetsa. Njira imene anansi akhala akudutsa poyera kwa zaka 20 ikhoza kukhala ufulu wawo mwalamulo, choncho musaganize kuti mudzangofika n'kumanga mpanda. Pa za msonkho, wogula kwa munthu wamba amalipira 9 peresenti, kapena 2 peresenti ngati ikhala nyumba yake yeniyeni, koma kuti apeze mwayi wa 2 peresentiwo amalonjeza kuti adzalembetsa kukhala m'dera la khonsoloyo m'miyezi 18. Ndaonapo anthu akulonjeza zimenezi alibe chitupa chokhalira m'dzikomo, miyezi n'kutha, boma n'kuwalipiritsa msonkho wotsalawo pamodzi ndi chindapusa.

Ku France malamulo amateteza wogula pang'ono kuposa ku Italy, chifukwa akasaina compromis de vente, pangano loyamba logulira nyumba, amakhala ndi masiku 10 oti asinthe maganizo popanda kutaya kanthu. Koma kumenekonso bungwe loona za malo aulimi lotchedwa SAFER lili ndi miyezi iwiri yoti ligule malo aulimi m'malo mwanu, ndalama zodutsa kwa notaire, amene ali ngati notaio wa ku Italy, pa nyumba yakale zimafika 7 kapena 8 peresenti ya mtengo, ndipo ngati thanki ya zonyansa za m'chimbudzi sinakwaniritse malamulo, wogula ali ndi chaka chimodzi choti aikonze. Masiku 10 amenewo amatha msanga kwa munthu amene akufunafuna womasulira.

Mapepala akatha, pamatsala moyo weniweni wa m'mudzi, ndipo pamenepa loya sangakuthandizeni kwambiri. Mu 2019 khoti la ku Rochefort ku France linaweruza mlandu wa tambala wotchedwa Maurice wa pa chilumba cha Oléron, amene anansi okhala ndi nyumba ya tchuthi anamudandaula kuti amalira m'mamawa. Tambalayo anapambana, ndipo mu January 2021 France inakhazikitsa lamulo loteteza phokoso ndi fungo la kumidzi monga chuma cha dzikolo. Walira mvula walira matope: amene wasankha mudzi wasankhanso mabelu a tchalitchi, mathirakitala a m'bandakucha, ndowe zothiridwa m'minda ndi mfuti za alenje m'nyengo ya uzimba. Mlendo amene sabata yake yoyamba ayamba ndi kalata ya madandaulo adzadikira mmisiri wa mapaipi miyezi yambiri, pakuti m'mudzi wa anthu mazana ochepa mmisiriyo ndi mlamu wa munthu amene anamudandaula uja. Chinenero nachonso musachiike pambuyo. Kalata ya ku khonsolo, dokotala, ndi mnansi wodziwa pamene paipi ya madzi inadutsa, onsewa adzakulankhulani m'chinenero chawo, ndipo nkhalamba zambiri zimalankhula chilankhulo cha dera lawolo chimene sichili m'mabuku ophunzirira.

Anthu ambiri amaona mudzi m'chilimwe cha kumeneko, mu July kapena August, pamene ana a m'mudzimo abwera kudzacheza, pabwalo pali nyimbo ndipo sitolo iliyonse ndi yotsegula. Ine aliyense ndimamuuza kuti akachite lendi m'mudzi womwewo mwezi wonse wa January asanapereke yuro ngakhale imodzi. Akaone ndalama zimene zimapita potenthetsa nyumba ya miyala ya makoma okhuthala, ayese kufika ku chipatala chapafupi usiku mvula ikugwa, afunse ngati basi imabwera tsiku lililonse ndiponso ngati laisensi yake yoyendetsera galimoto idzagwirabe ntchito akadzakhazikika kumeneko, chifukwa ku Italy malaisensi ambiri akunja amatha mphamvu pakatha chaka chimodzi munthu atalembetsa kukhala kumeneko. Madzulo ayende mu msewu umene muli nyumba akuifunayo, awerenge mazenera amene akuyaka magetsi ndi madenga amene akufuka utsi. Banja lina limene ndinalituma kuchita zimenezi linawerenga nyumba zitatu zokha mu msewu wa nyumba zoposa makumi anayi, ndipo linakagula m'tauni ina ya kumunsi, pafupi ndi siteshoni ya sitima.