Zitsulo zobisika kuseri kwa Alucobond

Nyumba zambiri zamalonda mu Lusaka zavala mapanelo osalala a aluminiyamu, monga a Alucobond, ndi magalasi, kuyambira mu Cairo Road mpaka mashopu atsopano a ku Kamwala ndi m'mbali mwa Great East Road. Eni nyumba akabwera kwa ife mainjiniya amatha nthawi yaitali akusankha mtundu, wasiliva kapena wofiira. Tikafika pa chimango cha zitsulo chimene chidzagwire mapanelowo, funso limakhala limodzi: kodi apa sitingachepetseko mtengo? Pamenepo m'pamene ine ndimakana.

Panelo payokha si yolemera. Yokhuthala mamilimita 4 imalemera makilogalamu 5 mpaka 8 pa sikweya mita. Chimene timawerengera kwambiri ndi mphepo, ndipo ambiri amaganiza kuti mphepo imangokankha khoma. Imakokanso. Ikawomba mbali imodzi, m'mbali zinazo ndi kuseri imayamwa mapanelo kuti azuke, monga mmene imasasulira malata padenga mvula yoyamba ikabwera ndi chimphepo mu Novembala. Kukoka kumeneku kumakula kwambiri m'makona ndi pamwamba penipeni pa khoma, n'chifukwa chake malo amenewo timaika mabulaketi, tizitsulo tomangirira chimango kukhoma, pafupipafupi. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake pakhoma imawirikiza kanayi. Mphepo ya mu Ogasiti imene imangokuthirani fumbi m'maso muli pansi, pamwamba pa nyumba ngati Findeco House, ya nsanjika 23, imakhala nkhani ina.

Mphamvu imeneyo iyenera kukhala ndi njira yodzera. Imachoka pa panelo kudzera m'mariveti kapena masikuluwu, n'kulowa m'zitsulo zoimirira ndi zopingasa, kenako m'mabulaketi, m'mabawuti, mpaka mu konkire ya silabu kapena mzati. Pamene pamafooka kawirikawiri ndi pomalizapo. Bawuti yokhomedwa m'buloko ya mphako imagwira kachikhungwa kopyapyala ka simenti basi. Tsiku loikalo imaoneka yolimba, koma mphepo ikamaigwedeza chaka ndi chaka bowo limakula. Bulaketi yonyamula katundu malo ake ndi pa konkire, ndipo bawuti isayandikire kwambiri m'mphepete mwa silabu, kuopa kubenthula.

Ndiye pali dzuwa. Chitsulo chimatalika chikatentha n'kufupika chikazizira. Chotalika mamita 6, kutentha kukasintha ndi madigiri 40, chimasuntha pafupifupi mamilimita 3, ndipo aluminiyamu amasuntha pafupifupi kawiri pamenepo. Panelo yakuda pa dzuwa la Okutobala simungaigwire ndi dzanja, pomwe m'bandakucha wa mu Juni imazizira kwambiri. Choncho mabulaketi ena amakhala ndi mabowo ataliatali, kuti chitsulo chiziyenda pang'ono. Munthu akaona kampata kameneko n'kuganiza kuti wina anaiwala, n'kuwotcherera zonse kuti gwa, patapita nthawi mapanelo amapindika, silikoni wa m'mizere n'kung'ambika, madzi n'kupeza polowera.

Madzi akalowa, dzimbiri layamba. Kuno tili kutali ndi nyanja yamchere, kotero chitsulo sichidyeka msanga ngati ku Dar es Salaam kapena Beira, koma kuseri kwa mapanelo palibe amene adzabwerenso ndi burashi. Red oxide ndi penti woyambira chabe, sangateteze chitsulo payekha kwa zaka zambiri. Chabwino ndi chitsulo choviikidwa mu zinki wosungunuka pa madigiri pafupifupi 450, ndipo paliponse pamene awotcherera, zinki amapsa, ndiye apakeponso penti wa zinki. Ma square tube, zitsulo za mphako zamakona anayi, amadyeka kuchokera m'kati ngati alibe kabowo kotulutsira madzi pansi. Komanso aluminiyamu akakhudzana ndi chitsulo pamalo onyowa amadyeka, choncho pakati pake paikidwe labala kapena pulasitiki.

Owotcherera athu, monga a ku Kalingalinga, ali ndi luso lenileni, ndipo mageti awo amakhalitsa. Koma tube ya mamilimita 1.6 imene ili bwino pa geti si yoti mungoikweza pa nsanjika yachinayi. Kukhuthala kwa chitsulo ndi kutalikirana kwa mabulaketi ziyenera kuchokera pa masamu ndi pulani, m'misiri n'kutsatira.

Za moto sindingazidumphe. Pa 14 Juni 2017 moto wa ku Grenfell Tower ku London unapha anthu 72. Mapanelo a nyumbayo anali ndi pulasitiki yoyaka pakati, ndipo mpata wa pakati pa khoma ndi mapanelo unathandiza moto kukwera msanga. Pogula funsani mapanelo a FR kapena A2, amene sayaka msanga, ndipo mumpatamo muikidwe zotchinga moto pa nsanjika iliyonse.

Ngati mukumanga, pulani ya chimango isayinidwe ndi injiniya wolembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia, ndipo kontirakita akhale wolembetsedwa ku National Council for Construction. M'pangano mulembe kuti panelo yoyamba isakhomedwe injiniya asanaone mabulaketi, mabawuti ndi mowotcherera monse, ndiponso kuti ndalama za gawo limenelo zidzatuluka iye atasayina. Jambulani zithunzi za khoma lililonse lisanatsekedwe, muzisunge pamodzi ndi mapepala a nyumba.