Musadikire kuti impso zipweteke

Pafupifupi tsiku lililonse ndimalandira wodwala atagwira m'chiuno, akunena kuti impso zikumupweteka, koma tikamuyeza timapeza kuti vuto ndi msana. Amene impso zake zikuwonongekadi sabwera, chifukwa samva kuwawa kulikonse. Ndatopa nako kubwereza zimenezi: matenda a impso okhalitsa, amene kawirikawiri amayamba ndi BP kapena shuga, amadya munthu mwakachetechete kwa zaka zambiri, ndipo pofika poti miyendo yatupa, thupi likuyabwa, chakudya chikubwerera kukhosi, mbali yaikulu ya impso imakhala itatha kale.

Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira bambo ena, aphunzitsi a kupulayimale, amene adafika atavala patapata chifukwa nsapato zidakana kulowa. M'kabuku kawo ka kuchipatala, BP adaiyeza komaliza zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo mapiritsi adawasiya poona kuti akupeza bwino. Nditafunsa chimene ankamwa, mayi a kunyumba adatulutsa m'jumbo botolo la madzi akuda lopanda dzina, logulidwa padepoti kwa munthu amene adawatsimikizira kuti limatsuka impso. Mutu ukawawa, ankameza brufen wa pagolosale. Impso si poto woti n'kukwecha. Zitsamba zosadziwika mlingo ndiponso mapiritsi ngati brufen ndi diclofenac zimangomaliza impso zofooka kale.

"Adokotala, mungowaika pamakina aja kuti achire," adandichonderera mayiwo.

Dialysis sichiritsa impso zomwe zafa. Makinawo amangosefa magazi m'malo mwa impso, kwa maola pafupifupi anayi, kawiri kapena katatu pa sabata, moyo wonse. N'zoona kuti impso zomwe zaima mwadzidzidzi chifukwa cha malungo aakulu, kutsegula m'mimba kapena kutaya magazi pobereka zimatha kudzukanso munthu akathandizidwa msanga, koma za bambowa sizinali choncho. Makina a ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ochepa poyerekeza ndi anthu owafuna, ndipo kuikidwa impso ina kumalira ulendo wa kunja, monga ku India.

Ngati muli ndi BP, shuga kapena HIV, pemphani kuti akuyezeni mkodzo ndi creatinine m'magazi (zinyalala zimene zimachuluka impso zikafooka) chaka chilichonse, ngakhale mukumva bwino. Kapepala koviika mumkodzo kamaonetsa m'mphindi zochepa ngati muli puloteni, chimene chingasonyeze kuti impso zayamba kuwonongeka, ndipo m'kabuku ka aphunzitsi aja mudalibe tsamba ngakhale limodzi losonyeza kuti adayezedwapo.