Intaneti yogwirira ntchito ku Joni imadula kuposa mtengo wolengezedwa

Amene akupita ku South Africa koma ntchito yawo ili pa kompyuta amakonda kufunsa kuti bandulo ya mwezi ndi ndalama zingati. Funsoli limakwana kwa munthu wongocheza pa WhatsApp. Ngati mumalipidwa chifukwa chopezeka pa Zoom nthawi yomwe bwana akukufunani, muwerengere ndalama za zinthu zitatu: laini yaikulu, laini yothandizira, ndi magetsi.

Laini yaikulu ikhale fibre, intaneti yobwera m'nyumba kudzera m'mawaya a galasi. Ku Johannesburg ndi Cape Town mawaya amayalidwa ndi makampani monga Vumatel, Openserve ndi Octotel, koma inu mumalipira kampani ina yomwe imagulitsa intaneti kudzera m'mawayawo, nthawi zambiri pakati pa R500 ndi R1,000 pamwezi. Musanalipire lendi, funsani ngati fibre inalowa kale m'nyumbamo, osati m'deralo chabe. Werenganinso mgwirizano bwinobwino. Makampani ambiri amati kulumikiza ndi kwaulere, koma mukachoka chaka chisanathe amakulipiritsani ndalama yolumikizirayo, nthawi zina ndi ya rauta yomwe. Kwa munthu wokhala miyezi inayi yokha, imeneyi ndi ngongole yobisika.

Pa liwiro, anthu amathamangira nambala yaikulu ya kukopera (download). Pa msonkhano wa vidiyo chofunika ndi liwiro lotumizira, chifukwa ndi lomwe limanyamula nkhope ndi mawu anu. Laini ya 20Mbps mbali zonse ziwiri imaposa ya 100Mbps yomwe imatumiza mopereŵera.

Za magetsi ndiye ife a ku Malawi sitifunika kuuzidwa zambiri. Mu 2023 Eskom, kampani ya magetsi ya ku South Africa, inkazimitsa magetsi pafupifupi tsiku lililonse. Zinthu zinayamba kusintha mu 2024, komabe kuba mawaya ndi kuwonongeka kwa mathiransifoma sikunathe. Fibre payokha siizima, chomwe chimazima ndi kabokosi kake ka pakhoma ndi rauta. Ziwirizi zimadya magetsi ochepa kwambiri, choncho kabatire kakang'ono kotchedwa mini-UPS kamaziyendetsa kwa maola angapo. Ine ndimaona kuti kabatireka n'kofunika kugula tsiku loyamba lomwe.

Laini yothandizira ndi SIM ya Vodacom, MTN kapena Telkom. Ola limodzi la msonkhano wa vidiyo limatha kumeza 1GB kapena kupitirira, ndiye bandulo yaying'ono sifika Lachitatu. SIM ya kwathu pa roaming isungeni kuti muzilandirira mauthenga a ku banki basi.

Ena amati angonyamula Starlink (intaneti ya pa satelaiti) yomwe anagula ku Lilongwe. Starlink inayamba kugwira ntchito ku Malawi, Zambia ndi Mozambique mu 2023, koma ICASA, bungwe loyang'anira zolumikizana ku South Africa, inachenjeza kuti kuigwiritsa ntchito kumeneko popanda chiphaso ndi kuphwanya lamulo. Gulani SIM yakomweko, ndipo pokagula mutenge pasipoti ndi umboni wa komwe mukukhala, chifukwa lamulo lolembetsa ma SIM lotchedwa RICA limafuna zonse ziwiri asanakutsegulireni nambala.