Mvula yagwa yamphamvu, koma kodi chilala chatha?

Chaka chilichonse chimene mvula yadula pakati pa dzinja kenaka n'kubwera ndi ukali mu Malichi, ife ogwira ntchito za madzi timafunsidwa funso limodzi: ndiye kuti chilala chija chatha? Wofunsayo amakhala ndi umboni wake. Mtsinje wa Likangala kuno ku Zomba wasefukira, madzi ake ali psuu, msewu wa kudooko la Kachulu pa nyanja ya Chilwa sukupitika, zovala zakana kuuma masiku anayi. Kumuuza munthu wotere kuti chilala chikadalipo zimamveka ngati mwano. Koma nthawi zambiri chimakhala chikadalipo ndithu, ndipo ndikufuna kufotokoza chifukwa chake, poti pa yankho limeneli m'pamene mabanja amaganizira zogulitsa chimanga chotsala, ndipo akuluakulu amaganizira zopitiriza kapena kusiya thandizo la chakudya.

Madzi a mvula amasungidwa mu nkhokwe zitatu zosiyana. Yoyamba ndi dothi la m'munda, pamene pali mizu. Yachiwiri ndi pansi penipeni pa nthaka, pamene mijigo ndi zitsime zimatunga. Yachitatu ndi mitsinje, madamu ndi nyanja. Iliyonse imadzaza pa liwiro lake ndipo imatha pa liwiro lake. Choncho mvula imodzi yomweyo ikhoza kuthetsa chilala cha msodzi wa pa chilumba cha Chisi m'nyanja ya Chilwa, osakhudza n'komwe chilala cha mlimi wa ku Thondwe.

Anzathu a zanyengo akalengeza kuti kwagwa mvula yokwana mamilimita 50, akutanthauza kuti pa malo otalika mita imodzi mbali zonse pagwa malita 50. Pa ekala imodzi ndiye malita opitirira 200,000, ndowa za malita 20 pafupifupi 10,000. Ndi madzi ambiri zedi. Vuto lake n'lakuti dothi lili ndi malire a mmene limamwera. Lamchenga likhoza kumwa mamilimita 20 kapena 30 pa ola. Katondo wosakanikirana ndi mchenga pang'ono amamwa pakati pa 5 ndi 10. Makande a kuchigwa cha Chilwa, akangofufuma n'kutseka ming'alu yake, amamwa osakwana 5. Tsono mamilimita 50 aja akagwa pa ola limodzi pa katondo wotsetsereka wa m'munsi mwa phiri la Zomba kapena la Malosa, ochuluka salowa pansi. Amathamangira m'ngalande, atenga dothi lapamwamba ndi feteleza amene munathira, ndipo dzuwa lisanalowe amakhala ali mu Domasi kapena mu Likangala. Mamilimita 50 omwewo akagwa mwa mvumbi, pang'onopang'ono kwa masiku atatu, pafupifupi onse amalowa m'nthaka. Chipangizo choyezera mvula chidzalemba nambala yofanana, koma minda iwiriyo siyofanana.

Mukhoza kudzionera nokha. M'mawa wotsatira mvula yamkuntho imene yagwa pambuyo pa ng'amba yaitali, tengani khasu mukumbe pamwamba pa mzere. Pamwamba pali matope onona, omata ku khasu. Kumbani kupitirira chikhatho chimodzi. Kawirikawiri mupeza dothi lotuwa, louma, lofumbutuka m'manja ngati kuti mvula sinagwe. Pamwamba pa munda wopanda chophimbira pamakhalanso kachikhungwa kosalala kamene madontho akuluakulu apanga pomenya dothi n'kutseka timabowo take. Mvula yotsatira imangotsetsereka pamenepo.

Ngakhale dothi litamwa bwino, nkhokwe ya m'munda ndi yaing'ono. Chimanga chimafuna mamilimita pakati pa 500 ndi 800 kuti chikule mpaka kukhwima, ndipo chikafika msinkhu womasula chimamwa pafupifupi mamilimita 5 patsiku kukatentha. Dothi labwinobwino limene mizu yalowa masentimita 60 limasungira mbewu mamilimita 60 kapena kupitirirapo pang'ono. Werengani nokha: masiku khumi ndi awiri, ndipo chimanga chimayamba kuvutika chikangomwa pafupifupi theka lake. Minda yathu yambiri, imene yalimidwa ndi khasu zaka makumi pa kuya kumodzimodzi, ili ndi dothi lolimba gwa pomwe khasu limalekezera, masentimita 20 kapena 25 pansi. Mizu ikafika pamenepo imapinda n'kuyenda chopingasa. Munda wotere umasunga madzi a masiku anayi kapena asanu basi. N'chifukwa chake mumaona minda iwiri yoyandikana, wina uli biriwiri, wina masamba apinda kale pofika 10 koloko m'mawa. Ndipo dothi likadzaza, ladzaza. Mvula yowonjezera siisungika kuti idzagwire ntchito mwezi wamawa.

Apa m'pamene anthu ambiri amanyengeka ndi mvula ya pachaka. Chaka chikhoza kutha ndi mamilimita okwanira bwino pa pepala koma nkhokwe za chimanga zili pululu, chifukwa chimanga chili ndi masabata awiri kapena atatu amene sichikhululuka: nthawi yotulutsa ngayaye ndi ndevu. Kukauma nthawi imeneyo, ngayaye zimatuluka n'kuwaza mungu wake, koma ndevu zimachedwa. Zikamadzatuluka mungu umakhala utatha. Ndevu iliyonse ndi njere imodzi, ndipo ndevu yosalandira mungu siibereka kanthu. Mukasenda chimanga chotere mupeza njere zowerengeka, apa ndi apo, kapena chitsononkho chokhachokha. Kuno kwathu, kwa amene adzala kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, nthawi imeneyi imagwa chakumapeto kwa Januwale ndi mu Febuluwale. Mvula ya mu Malichi, kaya ichuluke bwanji, singabwezeretse mungu umene unauluka mu Febuluwale. Mapesi akhoza kubiriwiranso, anthu odutsa pamsewu n'kumati mbewu zatsitsimuka, koma mwini munda amadziwa.

Taziona posachedwapa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula imene ambiri sitinaionepo. Ku Nkhulambe ku Phalombe kunayezedwa mamilimita opitirira 1,000 m'masiku anayi, mvula imene madera ena amalandira chaka chonse. Anthu mazanamazana anataya miyoyo, minda inakwiririka ndi mchenga, Chilwa anakwera n'kulowa m'midzi. Pasanathe chaka, mu Febuluwale 2024, El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza nyengo, anadula mvula ndipo chimanga chinapserera m'minda ya chigawo chakumwera. Pa 23 Malichi 2024 pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Miyezi yomweyo nyanja ya Malawi inali itakwera mpaka kumiza malo ogona alendo ku Mangochi, poti madzi ake ambiri amachokera kumpoto ndi ku Tanzania kumene mvula inagwa yochuluka. Zinachitikanso chimodzimodzi zaka zingapo m'mbuyomo: madzi osefukira mu Januwale 2015, kenaka chilala cha 2015/16. Mvula ya chaka chatha siithirira munda wa chaka chino.

Sindikunena kuti mvula yakumapeto ilibe phindu. Nandolo, amene mizu yake imapita pansi ndipo amakhwima mochedwa, amapindula nayo kwambiri, ndipo kuno ku Zomba nandolo ndi ndiwo komanso ndalama. Mbatata ndi chinangwa zimapindula. Madambo amasunga chinyezi cha ulimi wa kudimba, msipu wa ziweto umaphuka. Mlimi amene chimanga chake chapsa ndi bwino asataye masiku akudikira kuti chidzuke, koma athamangire mbewu ya mbatata chinyezi chikadalipo. Koma kwa amene chimanga chinapulumuka n'kuyamba kuuma m'munda, mvula yomweyo imabweretsa chuku.

Nkhokwe ya pansi pa nthaka ndi yochedwa. Madzi amayamba kutsikira kumeneko pokhapokha dothi lapamwamba litakhuta, ndipo mwa mvula yonse ya pachaka gawo lofika kumene mjigo umatunga ndi laling'ono, nthawi zambiri losakwana limodzi mwa magawo khumi. Amayenda pang'onopang'ono m'miyala yofumbutuka ndi m'ming'alu, masabata kapena miyezi. Ndiye musadabwe mjigo ukamatulutsabe madzi monyinyirika mvula ili mkati, amayi n'kumapopa kambirimbiri madzi asanatuluke, ndowa ikangofika theka n'kudikiranso. Chitsime chosaya cha kudambo chimayankha msanga, mwina m'sabata imodzi, koma chimaphwanso msanga.

Komabe pano pali mfundo imene imakomera mvula yamphamvu, ndipo sindingaibise. Ku Makutupora, kufupi ndi Dodoma ku Tanzania, akhala akuyeza kuya kwa madzi a m'zitsime kuyambira m'ma 1950. Zolembedwa zawo zimasonyeza kuti madzi a pansi sakwera chaka chilichonse. Amatsika kwa zaka zingapo, kenaka n'kukwera kamodzi n'kamodzi m'chaka cha mvula yoopsa, pamene madzi osefukira aima m'zigwa n'kulowa pansi. Mvula ya timadontho imangonyowetsa pamwamba, dzuwa ndi zomera n'kumwa yonse. Choncho mjigo umafuna mvula yamphamvu, bola madziwo apeze poima. Pa phiri logumulidwa mitengo ndi kutenthedwa, kapena padambo limene lalimidwa mpaka m'mphepete mwa mtsinje n'kusanduka chigwembe, saima.

Nyanja ya Chilwa ndiyo imatiphunzitsa za nkhokwe yachitatu. Ilibe mtsinje wotulukira. Imalandira madzi a Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, ndipo amachoka njira imodzi yokha, kuuma ndi dzuwa ndi mphepo. Pa chaka dzuwa limachotsa madzi akuya kupitirira mita imodzi ndi theka, pa nyanja imene malo ambiri siizama kupitirira mamita awiri kapena atatu. Chaka chimodzi cha mvula yochepa imapirira. Zikatsatizana ziwiri kapena zitatu, imabwerera m'mbuyo. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995 pambuyo pa zilala za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2018 mabwato anagona pamatope ong'aluka ku Kachulu, anthu n'kumapita ku Chisi pa njinga kapena kudzera m'ngalande zokumba. Mu Malichi 2019 mvula imene inadza ndi namondwe wa Idai inabweza madzi m'nyanjamo m'masabata owerengeka. Apa zoonadi mvula yamphamvu inathetsa chilala cha nyanja, chifukwa madzi ambiri othawa m'minda ya Zomba ndi Phalombe amakathera komweko. Koma nsomba sizibwera ndi mvula. Matemba, makumba ndi milamba zopulumuka zimabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'mabango, ndipo zimafuna nyengo zingapo zoswana kuti zichulukenso. Asodzi akathamangira m'madzi atsopanowo ndi maukonde a maso ang'onoang'ono, kapena maiwe aja akathiridwa katupe nthawi ya chilala, nyanja imadzaza koma usodzi sudzuka.

Okhala m'tauni ya Zomba ndi amene amanyengeka msanga kuposa onse, poti damu la Mulunguzi lili pamwamba pa phiri pamene mvula imagwa yambiri kuposa kuchigwa, ndipo limadzaza mofulumira. Madzi akamasefukira pa khoma la damu mu Epulo ndi nkhani yabwino, koma imangotiuza za miyezi yochepa yakutsogolo. Chimene chimasunga mtsinje mu Okutobala ndi madzi amene analowa m'nthaka ya m'phirimo n'kumatuluka pang'onopang'ono mu akasupe.

Munthu wina anandifunsa kumunda kuti, "Achikulire, ndiye ife titani, poti kagwedwe ka mvula sitingakasinthe?" Zoona, koma liwiro la madzi pamunda tingalisinthe, ndipo njira zake alangizi akhala akuzinena kwa zaka zambiri. Mizere itsate akalozera m'malo molunjika kumunsi. Muitseke ndi mabokosi kuti mpata uliwonse usanduke kadziwe kogwira mvula ya ola limodzi ija mpaka dothi litamwa. Mapesi agonekedwe pamunda m'malo mowotchedwa posaka mbewa, poti ndiwo amalandira nkhonya ya madontho. Mayenje okumbidwa mozama ndi kuthiridwa manyowa amaswa dothi lolimba lija, ndipo mizu ya nandolo imachita chimodzimodzi popanda khasu. Vetiva ndi maswale, ngalande zopingasa zosunga madzi, zimagwira madzi ndi dothi zimene zapulumuka. Chenjezo langa ndi la pa makande a kuchigwa: pamenepo mabokosi akhoza kumiza chimanga m'chaka cha mvula yambiri, choncho khalani okonzeka kuwatsegula. Ndipo kumayambiriro kwa dzinja, chizimalupsa chisakuthamangitseni ndi mbewu yogula modula. Dikirani mvula yokwana mamilimita 25 kapena 30 m'masiku awiri kapena atatu, mukumbe muone ngati chinyezi chalowa, ndipo mumvere zimene a zanyengo akulosera za masabata otsatira.

Kwa amene ali ndi udindo wolengeza, mafumu, makhansala ndi ogawa thandizo, pempho langa n'lakuti mawu akuti chilala chatha asatuluke pakamwa mu Malichi. Za chakudya tidzadziwa mu Meyi, chimanga chitasendedwa n'kulowa m'matumba, pamene banja lililonse lingathe kunena mwezi umene ufa udzathe. Za madzi tidzadziwa mu Okutobala. Pamenepo mukaime pa mlatho wa Domasi muone ngati mtsinje ukuyenda kapena wasanduka maiwe, mufunse komiti ya mjigo nthawi imene amayi akudzuka kukaima pamzere, ndipo mufunse a mabwato ku Kachulu kuti akukwezera anthu pati.