Moto wa Eagle Creek unazima, koma mkangano wa njira zotsekedwa sunathe

Mwezi wa September ukafika, anthu a ku Oregon m'dziko la America amakumbukira moto wa m'nkhalango wa Eagle Creek wa 2017, ndipo funso limene linabuka moto utangozima limadzukanso: kodi boma lingatseke malo a anthu onse kwa nthawi yaitali bwanji? Patapita zaka zoposa 6, chigwembe cha Oneonta, kumene anthu ankayenda m'madzi ofika m'chiuno kuti akaone mathithi, chinali chikadali chotseka.

Malowa ali m'chigwa cha mtsinje wa Columbia, umene umalekanitsa Oregon ndi Washington. Njira ya Eagle Creek anaisema m'miyala cha m'ma 1915 ndi 1916, nthawi imene ankamanganso msewu wakale wa m'chigwacho. Mu 1986 boma linakhazikitsa lamulo loteteza dera lonseli, pafupifupi maekala 292,500, ndipo nkhalango zake zambiri zili m'manja mwa U.S. Forest Service, nthambi ya boma yoyang'anira nkhalango. Kuchokera mumzinda wa Portland ndi ulendo wosakwana ola limodzi pa galimoto, n'chifukwa chake anthu a kumeneko amaona chigwachi ngati kwawo.

Pa 2 September 2017, m'nyengo ya chilimwe chouma pamene kuyatsa moto kunali koletsedwa, mnyamata wa zaka 15 wochokera ku Vancouver, Washington, anaponya makombola m'chigwembe cha Eagle Creek. Anthu pafupifupi 150 (malipoti ena amati 153) anatsekeredwa ndi moto kumtunda kwa njirayo, anagona kutchire, ndipo m'mawa mwake anayenda kukatulukira ku nyanja ya Wahtum. Mphepo ya kum'mawa itakula, motowo unathamangira kumadzulo, zina mwa nsakali zake zinaoloka mtsinje wa Columbia n'kukayatsa tsidya la Washington. Anthu a m'tauni ya Cascade Locks anasamutsidwa, msewu waukulu wa I-84 unatsekedwa, ndipo ozimitsa moto anachezera usiku kuteteza nyumba ya alendo ya pa mathithi a Multnomah, yomangidwa mu 1925. Malo amene anapsa ena amati maekala 48,000, ena amangoti pafupifupi 50,000. Dzina la mnyamatayo akuluakulu sanalilengeze poti anali mwana. Bwalo la milandu linam'lamula kugwira ntchito yothandiza anthu kwa maola 1,920, kenako mu May 2018 linam'gamula kulipira madola oposa 36 miliyoni.

Nkhani ya mnyamatayu ndi imene anthu ambiri amaikumbukira, koma kutseka kwa njira kunachokera pa zimene akatswiri anapeza atayendera lupsa. Lipoti lawo linasonyeza kuti nthaka imene inapsa kwambiri inali pafupifupi 15 peresenti yokha, ndipo kuposa theka la deralo linangowauka pang'ono kapena silinapse n'komwe. Ofuna kuti njira zitsegulidwe msanga anagwira mfundo imeneyi. A Forest Service anayankha kuti vuto silinali kuchuluka kwa mitengo yakupsa, linali mapiri enieniwo. Makoma a chigwachi ndi otsetsereka kwambiri, ndipo miyala yake yosweka imagwiridwa ndi mizu ndi ndere. Moto utanyeketsa zimenezi, miyala inayamba kugubuduka yokha, mitengo yakupsa mkati inkagwa popanda mphepo, milatho ya matabwa inali itasanduka makala. Wolowa m'malo otsekedwa akanatha kulipitsidwa mpaka madola 5,000.

Panabukanso mkangano wina. Greg Walden, amene pa nthawiyo anali phungu wa ku Congress, nyumba ya malamulo ya America, anabweretsa bilu yofulumizitsa kudula mitengo yakupsa ndi kubzala ina. Bungwe la Friends of the Columbia Gorge linatsutsa, likunena kuti nkhalango imadzichiritsa yokha ndipo makina odula mitengo angowonjezera kukokoloka kwa nthaka. Biluyo sinadutse. Ntchito yambiri yokonza njira inagwiridwa ndi manja, ndipo anthu ongodzipereka a m'mabungwe monga Trailkeepers of Oregon ndi Pacific Crest Trail Association anagwira limodzi ndi ogwira ntchito m'boma, atanyamula macheka, mapiki ndi mafosholo, kuchotsa miyala imene mvula yotsatira inkabwezeranso pomwepo. Pofika November 2018, njira zotchuka monga Angel's Rest ndi Wahkeena zinatsegulidwa.

Kwa ine, mkanganowu unatembenuka mu January 2021. Pa tsiku loyamba la chakacho, njira ya Eagle Creek inatsegulidwa patatha zaka zoposa 3, anthu n'kukhamukirako ngakhale kunali kuzizira. Pasanathe milungu iwiri kunagwa chimvula champhamvu. Nthaka inagumuka m'malo angapo, njirayo n'kutsekedwanso mpaka mu July. Usiku wa pa 13 January, matope osakanikirana ndi miyala ndi zipika, zimene kwathu tikanati napolo, anatsika phiri pafupi ndi mudzi wa Dodson n'kukokolola galimoto ya mayi wina amene ankadutsa pamsewu. Thupi lake linapezeka patapita masiku angapo pansi pa matope akuya mamita angapo. Pano pafunika kusamala poweruza, chifukwa dera la Dodson linagumukanso mu February 1996, motowu kulibe, ndiye sitinganene kuti moto wokha ndiwo unachititsa. Komabe kuyambira pamenepo zinakhala zovuta kunena kuti a Forest Service ankangochita mantha opanda pake. Chenjezo lawo linali loti mizu ya mitengo yakufa imaola pang'onopang'ono, kotero ngozi ya kugumuka sithera chaka choyamba.

Nkhani ya Oneonta ndiyo imandivuta. Zoti miyala imagwa m'chigwembe chopapatizacho n'zoona, ndipo munthu amene ali pansi alibe kothawira. Koma moto usanabwere malowa anali atadzaza kale: m'chilimwe anthu ankaima pamzere kukwera mulu wa zipika zoterera umene uli pakhomo pake, ndipo zomera zosowa za m'makomamo zinkapondedwa. Choncho ena mwa oyenda m'mapiri amakayikira kuti moto unapatsa boma mpata wothetsa vuto la unyinji popanda kufunsa anthu. Zikalata zotsekera malowa zimatchula chitetezo, ndipo palibe chifukwa chozinenera bodza. Chimene chimapweteka n'chakuti malo a anthu onse akatsekedwa ndi chikalata chimene chimangowonjezeredwa nthawi, eni ake amasowa poyankhulira. Amalonda a ku Cascade Locks, amene amadalira alendo a m'chilimwe, ndiwo anamva kupweteka kwake msanga.

Njira ina yochepetsera unyinji ilipo pafupi pomwepo. Pa mathithi a Multnomah, kumene kumafika anthu oposa 2 miliyoni pachaka, m'miyezi ya chilimwe obwera pa galimoto amayamba atenga chilolezo cha nthawi yoikika pa intaneti, cha madola 2 okha. Ngati vuto la Oneonta ndi miyala, anthu ayenera kuuzidwa zimene akatswiri akuyeza ndi mlingo umene ukafikidwa malowo adzatsegulidwe. Ngati mbali ina ndi unyinji, zilolezo zoterezi zikhoza kuyesedwanso kumeneko.